Lianqiao: chipatso chowawa cha m'mapiri a ku China ndi malire a mphamvu zake

Wu Jutong anali ndi zaka 19 pamene bambo ake anamwalira atadwala kopitirira chaka. Mnyamatayu, wa ku Huaiyin m'chigawo cha Jiangsu, ankakonzekera mayeso olowera ntchito ya boma, koma maliro atatha anazisiya zimenezo n'kuyamba kugula mabuku a zamankhwala. Patapita zaka zinayi mwana wa mbale wake anadwala. Matenda anayambira pakhosi, thupi likutentha. Sing'anga woyamba anamuuzira ufa kukhosi, khosi linatsekeka. Anabwera ena, aliyense ndi mankhwala ake a m'mabuku akale, koma mwanayo anachita chikasu mpaka kumwalira. Wu anadzalemba yekha kuti pa nthawiyo anali asanadziwe kanthu, moti sakanatha kutsutsa aliyense mwa asing'angawo.

Kenako anapita ku Beijing, kumene anapeza ganyu yokopera ndi kuwerenga mabuku a m'nkhokwe yaikulu ya mfumu. Mu 1793 mumzindawo munagwa mliri wa matenda otentha thupi, ndipo anzake anamukakamiza kuti ayambe kuthandiza odwala. Zimene anaona m'chaka chimenecho ndi zimene anawerenga kwa asing'anga amene anamutsogolera, monga Wu Youxing ndi Ye Tianshi, anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa Wenbing Tiaobian, limene analimaliza mu 1798 n'kudzasindikizidwa mu 1813. M'bukumo muli mankhwala otchedwa Yin Qiao San, amene mpaka lero amagulitsidwa pafupifupi m'famase iliyonse ku China. Mitu ya mankhwalawa ndi iwiri: duwa la jinyinhua ndi chipatso cha lianqiao, cha mtengo umene asayansi amautcha Forsythia suspensa.

Amene amakhala ku Britain mtengowu amauona chaka chilichonse. Cha mu Malichi ndi Epulo, mitengo ina idakali mbee opanda tsamba, m'mipanda ya nyumba mumatuluka zitsamba zodzaza maluwa achikasu kuyambira pansi mpaka kunsonga. Zambiri mwa zimenezo ndi forsythia wosakaniza mitundu iwiri, wobzalira kukongoletsa. Wamankhwala kwawo ndi kumapiri a kumpoto ndi pakati pa China, makamaka m'zigawo za Shanxi, Henan, Shaanxi ndi Hebei, kumene amamera yekha m'matsitso ndi m'mphepete mwa nkhalango. Ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa azitona. Nthambi zake ndi zazitali, zamphako mkati, ndipo zimawerama mpaka kukhudza pansi.

Chipatso chake si chodya ayi. Ndi kachikhokho kouma, kosongoka kunsonga, kotalika masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, kokhala ndi timatuza kunja, ndipo kakakhwima kamang'ambika pawiri n'kutaya nthangala. Amakolola kawiri. Cha mu Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala amathyola zobiriwira zisanang'ambike, n'kuzifutsa ndi nthunzi asanaziyanike, monga tichitira ndi mfutso wa nkhwani. Zimenezi amazitcha qingqiao. Zotsala mumtengo amazisiya mpaka mu Okutobala, zitachita chikasu n'kuyasama, ndipo amaziyanika n'kupeta nthangala. Izi ndiye laoqiao. Mukalawa, zonse ziwiri n'zowawa, ndipo zobiriwirazo zimanunkhira kwambiri.

Kuti munthu amve chifukwa chake Wu Jutong anasankha chipatso chimenechi, ayenera kudziwa mkangano umene unalipo pakati pa asing'anga a nthawi yake. Kwa zaka zoposa 1,500 mphunzitsi wamkulu wa matenda otentha thupi anali Zhang Zhongjing, amene analemba cha m'ma 200. Iye ankaphunzitsa kuti matenda ambiri otere amayamba kuzizira kukalowa m'thupi, choncho wodwala apatsidwe zotenthetsa monga nthambi za sinamoni, jinja ndi chitsamba cha mahuang, kuti atuluke thukuta. Kwa munthu amene akunjenjemera, mafupa akuphwanya, mamina ali oyera ngati madzi, njira imeneyi inkaoneka yothandiza. Koma panali odwala ena amene ankabwera thupi lili moto kuyambira tsiku loyamba, pakhosi pofiira ndi powawa, ali ndi ludzu, nsonga ya lilime ili psuu, ndipo akapatsidwa zotenthetsa zija ankaipiraipira. Asing'anga a kum'mwera, kumene kumatentha ndiponso anthu ndi othithikana, anayamba kunena kuti awa ndi matenda a mtundu wina, olowera m'kamwa ndi m'mphuno n'kuyamba kugwira mapapo, ndipo amafuna mankhwala oziziritsa.

M'kaganizidwe kawo, lianqiao ndi wowawa, woziziritsa pang'ono, wopepuka, ndipo amapita kumapapo, kumtima ndi kumatumbo aang'ono. Amati amachotsa kutentha ndi poizoni, amabalalitsa zotupa, ndipo amatulutsa matenda amene adakali pamwamba asanalowe mkati. Mawu amenewa si a sayansi ya masiku ano, ndipo "mtima" kapena "mapapo" amene akunenawo safanana ndendende ndi ziwalo zimene dokotala amaziona akang'amba munthu. Ine ndimawatenga ngati njira imene anthu openyetsetsa ankasungira zimene aona pa odwala ambirimbiri: wooneka chonchi m'patse ichi, wooneka mwakuti usam'patse.

Kusiyanitsa kumeneko n'kumene kumandikoka mtima pa Wu Jutong. Pamalo pamene akutchula Yin Qiao San koyamba, chiganizo chomwecho chikugawa odwala pawiri. Amene matenda angomuyamba ndipo akuopa mphepo ndi kuzizira, apatsidwe mankhwala akale a sinamoni aja. Amene akungotentha, sakuzizidwa, ndipo ali ndi ludzu, ameneyo ndiye wa Yin Qiao San. Matenda akalowa mkati, thukuta likuchita kuyenderera, ludzu lakula, kapena wodwala wayamba kubwebweta, bukulo likupita ku mankhwala ena. Lianqiao ndi jinyinhua anawapatsa kachigawo kakang'ono ka matenda, masiku oyambirira okha.

Kakonzedwe kake nakonso kali ndi mwambo. Lianqiao ndi jinyinhua, chilichonse muyezo wa liang imodzi (qian 10), amaziphatikiza ndi muzu wa jiegeng, minti, masamba a nsungwi, muzu wotsekemera wa gancao, ngala za jingjie, soya wosasitsa ndi nthangala za niubangzi. Zonse amazisinja pamodzi. Pomwa amatapa ufa wolemera qian 6, omwe ndi magalamu pafupifupi 22 pa miyezo ya nthawi imeneyo, n'kuuwiritsa m'madzi ophikira mizu yaiwisi ya bango. Fungo likangobuka, mphika uchoke pamoto. Wu anachenjeza kuti ukauwiritsa nthawi yaitali mankhwala amalemera n'kutsikira m'mimba, pamene matenda ali kumtunda, pakhosi ndi pachifuwa. Wodwala kwambiri amwe pakatha maola anayi alionse, katatu masana ndi kamodzi usiku; wodwala pang'ono pakatha maola 6. Mukawerengetsa, pa qian 56 za ufa wonsewo lianqiao ndi qian 10 zokha, kutanthauza kuti pa kumwa kumodzi munthu amalandira magalamu anayi osakwana bwino. Buku la boma la China loyang'anira mankhwala lero limalola magalamu 6 mpaka 15 pa tsiku. Mwini wake wa mankhwalawa ankapereka pang'onopang'ono, pafupipafupi, akuyang'ana mmene wodwala akusinthira.

Za mphika kuchoka msanga pamoto, lero tingazifotokoze mwa njira ina. Minti, jingjie ndi lianqiao wobiriwira zili ndi mafuta onunkhira amene amauluka ndi nthunzi. Wowiritsa ola lathunthu amamwa madzi owawa, mafutawo atapita kale.

Asing'anga amaletsanso anthu ena. Munthu wa m'mimba mofooka, amene amatsekula kawirikawiri ndi kumva kuzizira m'mimba, sapatsidwa lianqiao, chifukwa zowawa ndi zoziziritsa zimawonjezera vutolo. Chimodzimodzi munthu amene chithupsa chake chaphulika kale n'kumatuluka mafinya amadzimadzi, thupi litatheratu mphamvu.

Nkhani ya zithupsa ndi imene inatchukitsa chipatsochi chimfine chisanachitchukitse. Dzina la lianqiao limapezeka kale m'buku lakale kwambiri la mankhwala ku China, Shennong Bencao Jing, la m'nthawi ya mafumu a Han, pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Bukulo lili ndi mankhwala 365 ogawidwa m'magulu atatu, ndipo lianqiao ali m'gulu lachitatu, la mankhwala olimbana ndi matenda amene sayenera kumwedwa nthawi yaitali. Ntchito zake m'menemo ndi zotupa za m'khosi, zithupsa, zilonda zosapola ndi kutentha koundana pamalo amodzi. M'zaka za m'ma 1100, Zhang Yuansu anati ntchito zake ndi zitatu: kuchotsa kutentha kumtima, kuchotsa kutentha kumtunda kwa thupi, ndi kukhala mankhwala opambana onse kwa odwala zilonda ndi zithupsa. Li Shizhen, m'buku lake lalikulu la Bencao Gangmu limene linatuluka mu 1596, anaona kuti chipatsocho chimafanana ndi mtima wa munthu, zibanthu ziwiri zolumikizana, ndipo anagwirizanitsa zimenezi ndi chiphunzitso chakuti zilonda zopweteka zimachokera ku moto wa mumtima. Apa ndiye sindimutsatira. Maonekedwe a chipatso sanena kanthu za ntchito yake m'thupi, ngakhale kuti maganizo otere anali ponseponse padziko, ku Ulaya komwe.

Pali chinthu china chimene otsatsa malonda sakonda kutchula. Akatswiri ambiri a mbiri ya mankhwala ku China amati lianqiao wa m'mabuku oyambirirawo sanali mtengo umene tikukambawu. Buku la boma la mu 659, m'nthawi ya mafumu a Tang, limafotokoza chomera cha m'malo achinyontho, cha masamba aatali owonda, chimene chikufanana kwambiri ndi chomera chimene asayansi amachitcha Hypericum ascyron. Mtengo wa Forsythia unayamba kulowa m'malo mwake cha m'nthawi ya mafumu a Song, zaka za m'ma 1000 kupita mtsogolo, mpaka unatenga dzinalo kotheratu. Choncho mukaona pabotolo palembedwa kuti mankhwalawa akhala akuchiza anthu kwa zaka 2,000, dziwani kuti theka la zaka zimenezo mwina ndi la chomera china. Zaka pafupifupi 1,000 zotsalazo si zochepa, ndipo palibe chifukwa chowonjezerapo.

Zotupa za m'khosi zimene mabuku akalewo amazitchula, zokhala ngati mwanabele wondondozana, zina zophulika n'kusiya mabowo otuluka mafinya, nthawi zambiri zinali chifuwa chachikulu chogwira timisempha ta m'khosi. Asing'anga akale analibe chochita china, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma lero matenda amenewa amachizika ndi mankhwala a TB a miyezi 6, ndipo kuzipatala za boma kwathu kuno amaperekedwa ulere. Munthu wa zotupa zotere amene akutaya miyezi akumwa zitsamba, kaya za ku Shanxi kaya za kuseri kwa nyumba, akudzipweteka.

Lianqiao amapezekanso m'mankhwala a kudzimbidwa otchedwa Baohe Wan, a Zhu Danxi wa m'zaka za m'ma 1300, kumene ntchito yake akuti ndi kuziziritsa kutentha kobwera ndi chakudya chimene chaima m'mimba. Kumeneko ndi wothandizira chabe.

Asayansi atachiunika chipatsochi anapezamo zinthu zambiri, koma ziwiri ndi zimene boma la China limayezera ubwino wake: forsythoside A ndi phillyrin. Zobiriwira zimakhala ndi forsythoside A wochuluka kuposa zokhwima, ndipo n'chifukwa chake mafakitale amazikonda. M'labotale, zinthu zimenezi zimalepheretsa mabakiteriya ena monga Staphylococcus aureus, amene ndi mwini zithupsa zambiri, zimachepetsa kutupa, ndipo pa nyama zoyeserera zimatsitsa kutentha kwa thupi. Izi zikugwirizana bwino ndi zimene akale ankaona. Vuto ndi lakuti forsythoside A salowa bwino m'magazi munthu akamumwa. Wambiri amathera m'matumbo. Chimene chapha kachilombo m'kambale ka galasi sichifika pakhosi kapena m'mapapo pa mlingo womwewo. Komanso pafupifupi kafukufuku yense wa pa anthu amayesa mankhwala osakaniza, moti gawo la lianqiao payekha silioneka.

Kafukufuku amene ndimamulemekeza kwambiri ndi wa nthawi ya chimfine cha H1N1 mu 2009, amene anasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya Annals of Internal Medicine. Odwala 410 m'zipatala 11 za ku China anagawidwa m'magulu anayi mwa maere. Amene sanalandire mankhwala olimbana ndi chimfinecho, kutentha thupi kunatha pa maola pafupifupi 26. Amene anamwa oseltamivir, mankhwala achizungu a chimfine, maola 20. Amene anamwa Yin Qiao San wosakaniza ndi mankhwala ena akale otchedwa Maxing Shigan, maola 16. Amene anamwa zonse, maola 15. Odwalawo anali achinyamata ambiri, matenda awo anali ochepa, ndipo aliyense ankadziwa chimene akumwa, zomwe zimatha kukhotetsa zotsatira. Komabe maola 10 ochepa pa kutentha thupi ndi phindu looneka, ndipo ndi phindu la msinkhu umene Wu Jutong ankalonjeza: munthu wamphamvu zake, matenda atangoyamba, apepukidwe msanga. Kafukufukuyu sanaonetse kuti mankhwalawa amaletsa imfa kapena chibayo, ndipo sanapangidwe kuti ayankhe funso limenelo.

Zimene zinachitika mu 2020 n'zosiyana kwambiri ndi mzimu umenewu. Usiku wa pa 31 Januwale, nyumba zofalitsa nkhani za boma zinalengeza kuti ofufuza a ku Shanghai Institute of Materia Medica ndi Wuhan Institute of Virology apeza kuti mankhwala amadzi otchedwa Shuanghuanglian angathe kulepheretsa kachilombo ka korona. Mankhwalawa ndi a zinthu zitatu: jinyinhua, muzu wa huangqin ndi lianqiao. Pa maola ochepa anatha m'masitolo a pa intaneti. Anthu amene anauzidwa kuti asatuluke m'nyumba anakandanda pamizere pakhomo pa mafamase usiku, m'nyengo yozizira, mapewa akugundana. Ena anagula mpaka Shuanghuanglian wa nkhuku ndi ziweto. Kutacha, nyuzipepala ya People's Daily inachenjeza kuti kulepheretsa kachilombo m'labotale si kuteteza kapena kuchiza munthu, ndipo anthu asathamangire kumwa okha. Ndimawamvera chisoni anthu amenewo. Anali ndi mantha, Wuhan anali atatsekedwa sabata imodzi yapitayo, ndipo mawuwo anachokera ku mabungwe amene anayenera kuwakhulupirira. Mlandu ndimauika pa amene anatulutsa zotsatira za m'labotale ngati kuti ndi uthenga wa chipulumutso.

Shuanghuanglian yemweyo alinso wa jakisoni ndi wa m'diripi, ndipo uyu ndiye wandiopsa kuyambira kale. Zitsamba zimene m'mimba mumazisefa, zikathiridwa molunjika mumtsempha zimatha kudzidzimutsa thupi: zidzolo, kubanika, magazi kutsika mwadzidzidzi, ngakhale imfa. Bungwe la China loona za mavuto obwera ndi mankhwala linachenjezapo za jakisoniyu kangapo, ndipo mu 2018 boma linalamula kuti papepala lake palembedwe kuti ana a zaka zinayi kutsika m'munsi ndi amayi oyembekezera asabayidwe. Palibe sing'anga wakale amene anabayapo lianqiao mumtsempha. Amene amateteza jakisoniyu ndi mbiri ya makolo akubwereka ulemu umene si wake.

Dzina limene linafika kutali kwambiri ndi Lianhua Qingwen, makapisozi opangidwa ndi kampani ya Yiling ya mumzinda wa Shijiazhuang m'nthawi ya mliri wa SARS mu 2003. Muli zinthu 13, ndipo lianqiao ndi jinyinhua ndi zimene zili patsogolo, limodzi ndi mahuang, nthangala zowawa za apurikoti, mwala wa jipisamu, muzu wa dahuang wotsekula m'mimba ndi zina. Mu Epulo 2020 boma la China linavomereza kuti agwiritsidwe ntchito pa kutentha thupi, chifuwa ndi kufooka kwa odwala COVID-19 amene sanadwalitse. Kafukufuku wa odwala 284 anapeza kuti pakutha pa masiku 14, anthu 91.5 pa 100 alionse amene anamwa anali atapeza bwino, poyerekeza ndi 82.4 mwa amene sanamwe. Koma sipanaoneke kusiyana kodalirika pa chiwerengero cha amene matenda anawakulira, kapena pa kutha kwa kachilombo m'thupi. Odwala ndi madokotala ankadziwa amene akumwa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mmodzi mwa otsogolera kafukufukuyo ndi mkamwini wa mwini kampani, zimene sanazitchule poyamba. Bungwe la zamankhwala la ku Singapore linanena poyera kuti makapisoziwa analoledwa ngati ochepetsa zizindikiro za chimfine basi, ndipo la ku America linalembera makalata ochenjeza amene ankawagulitsa ngati mankhwala a COVID-19.

Mu 2022, Shanghai atatsekedwa, mabokosi a makapisoziwa anagawidwa m'makomo mwa anthu, odwala ndi osadwala omwe, pa nthawi imene mabanja ambiri ankavutika kupeza ndiwo. Madokotala ndi asayansi ena a ku China komweko anadandaula poyera. Chimene chimandikhudza n'chakuti kugawa kotereku kukuphwanya malamulo a mbali zonse ziwiri. Sayansi ya masiku ano imafuna umboni wakuti mankhwala amateteza asanaperekedwe kwa anthu abwinobwino. Chiphunzitso cha asing'anga akale chimaletsa kupatsa munthu wosatentha thupi zowawa ndi zoziziritsa, ndipo chimafuna kuti wodwala aliyense aonedwe lilime ndi kugwidwa pamkono. Wu Jutong, amene anagawa odwala pawiri m'chiganizo chimodzi, sakanavomera kuti mzinda wa anthu oposa 20 miliyoni umwe chinthu chimodzi.

Mankhwala amenewa amafika m'manja mwa anthu athu. Ena amatumiziridwa ndi ana awo amene akuphunzira ku China, ena amabwera nawo kuchokera ku Guangzhou pamodzi ndi katundu wa malonda, ena amawagula m'masitolo a Matchaina ku Johannesburg kapena ku London. Kawirikawiri pabokosi pamakhala zilembo zimene mwini wake sangawerenge. Pali mapiritsi otchuka otchedwa Vitamin C Yinqiao, amene anthu amawatenga ngati zitsamba zokhazokha, chonsecho muli paracetamol, yemwe ndi Panado amene timamudziwa, komanso chlorphenamine, wogonetsa tulo uja wa mu Piriton. Munthu akamamwa mapiritsiwa n'kumawonjezera Panado ndi mankhwala ena a chimfine a mugolosale, paracetamol amachuluka m'thupi osadziwa, ndipo chimene chimavulala ndi chiwindi. Woyendetsa minibasi akamwa, tulo timamupeza pa chiwongolero. Mahuang wa mu Lianhua Qingwen ali ndi ephedrine, amene amathamangitsa mtima ndi kukweza BP, choncho a matenda a mtima ndi othamanga magazi asamamwe mwachisawawa. Amayi oyembekezera, ndiponso amene ali pa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, ayambe aonetsa bokosilo kwa dokotala kapena wa ku famase.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi malungo. Kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, zimene ku Beijing mu Januwale zimaloza chimfine, ku Nkhotakota kapena ku Chipata mu Januwale yemweyo zimayamba zaloza malungo mpaka magazi atayezedwa. Mankhwala otsitsa kutentha thupi amabisa chizindikiro pamene tizilombo tikuswana, ndipo kwa mwana wamng'ono tsiku limodzi lochedwa ndi lalikulu. Sindikunena izi monyoza zitsamba za ku China. LA amene timalandira kuchipatala kuyambira mu 2007 anachokera komweko: Tu Youyou ndi anzake anapeza artemisinin m'chitsamba cha qinghao kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, atawerenga malangizo a Ge Hong wa m'zaka za m'ma 300 onena kuti chitsambacho achiviike m'madzi n'kufinya, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel. Koma qinghao anadutsa m'mayeso aakulu a zaka zambiri m'maiko ambiri asanafike pa windo la famase ya kuchipatala chathu. Lianqiao ulendo umenewo sanaumalize.

Kutchuka kwa m'zaka za mliri kunafikanso kumapiri kumene chipatsochi chimachokera. Gawo lalikulu la lianqiao wa pamsika limathyoledwabe m'tchire, m'maboma ngati Anze ku Shanxi, ndipo kwa mabanja ambiri a m'midzi ya kumapiri ndalama imeneyi ndi yofunika. Mitengo itakwera, vuto lakale linakula: kuthyola zosakhwima. Mtengo wa m'tchire ulibe mwini, ndiye aliyense amaopa kuti akadikira mnzake amutsogolera. Anthu amakwera phiri mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, zipatso zidakali zazing'ono, ena n'kumathyola nthambi zonse kuti akapululire kunyumba. Zipatso zotere zimapepuka zikauma, nthangala zake zimakhala zosakhwima, ndipo mtengo wothyoledwa nthambi subala bwino chaka chotsatira. Maboma a m'maderawo amalengeza tsiku loyambira kukolola n'kuletsa kugula kapena kugulitsa tsikulo lisanafike, koma kulondera phiri lonse si ntchito yamasewera. Chisanu chikagwa mochedwa, maluwa atatuluka kale, zokolola za chaka chimenecho zimachepa, mitengo imakweranso, ndipo mpikisano umayambiranso.

N'chifukwa chake alimi ambiri ayamba kubzala okha m'minda ya m'mapiri, ndipo kumeneko anakumana ndi khalidwe lina la mtengowu. Maluwa ake ali mitundu iwiri. Pa mitengo ina kachiwalo kachikazi ka pakati pa duwa n'kakatali kuposa tonyamula mungu, pa ina n'kakafupi. Mtengo umodzi umakhala ndi mtundu umodzi wokha, ndipo mungu wake subereketsa bwino duwa la mtundu womwewo. Njuchi iyenera kuutenga ku mtengo wa mtundu winawo. Mlimi amene wadula nthambi ku mtengo umodzi wobala kwambiri n'kudzaza nazo munda wonse amapeza phiri lachikasu mu Epulo, koma mu Ogasiti madengu ali pafupifupi opanda kanthu. N'chifukwa chomwecho forsythia wa m'mipanda ya ku Britain, amene amachulukitsidwa ndi nthambi, sabala kawirikawiri. Alangizi a zaulimi ku Shanxi ndi Hebei amauza alimi kuti asakanize mitundu iwiriyo m'mizere, kapena alumikize nthambi za mtundu winawo pa mitengo imene ilipo kale, ndipo wobzala lero amadikira zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kuthyola.